Atifunse ife a pa msika mtengo wa tiketi ya bola

Lero sindinabwere ndi nkhani ya unga kapena ya malaiti, ngakhale kuti zonse ziwiri tizikhudza kutsogoloku. Ndabwera ndi nkhani ya bola. Ndidziwa kuti ena mwayamba kale kung'ung'udza kuti, "Iwe mwana, ife tili pa njala, iwe ufuna kukamba za bola?" Ndipirireni pang'ono. Nkhani yake ndi ya mitengo, ndipo pa za mitengo kulibe munthu mu Zambia muno amene angakuposeni inu.

Mukaoda bokosi la tomato ku Soweto m'mamawa, mufika nalo pa thebulo mutadziwa kale kuti kamulu kamodzi kayenera kupita pa zingati kuti ndalama ya oda, ya basi ndi ya levy ibwerere. Koma ikakwana 17 hours, dzuwa lapendeka, tomato wayamba kufewa ndipo makasitomala angodutsa, muchita bwanji? Mutsitsa. Muika mbasela. Muitana uja anakana masana kuti bwerani amai, tengani chabe. Simuchita zimenezi chifukwa cha chifundo iyai. Mudziwa kuti tomato amene wagona pa thebulo osagulidwa, mawa ndi wa ku dzala. Ine ndili ndi kapepala ka ku koleji, koma phunziro ili ndinalitenga pa thebulo la amai anga, ndili mwana wa sukulu, ndikuwathandiza kubweza chenji.

Manje taganizani za mpando wa mu sitediyamu. Uja ndiye aola msanga kuposa tomato. Tomato mungamusunge usiku umodzi pa malo ozizira, mwina mawa n'kugulitsa kwa wa lesitilanti. Koma mpando umene unalibe munthu pomwe ref analiza wezulo yomaliza, watha basi. Simungaugulitsenso Lolemba. Ndalama yake yapita, ndipo sidzabwera. Ndiye ndikaona pa TV maseŵera a Super League, osewera akuthamanga pakati pa mipando yopanda anthu, mpaka mau a kochi kumveka bwinobwino ngati ali m'nyumba mwanu, ine ndiona mabokosi a tomato akuola. Ndipo eni ake aimirira pambali, manja m'thumba, akuti vuto ndi makasitomala.

Ati a Zambia sakonda bola ya kwao. Ati tikonda chabe Arsenal ndi Manchester United. Mau awa amandipweteka, makamaka akanenedwa kwa ife a mu Kafue. Patson Daka anakulira muno, m'fumbi lomweli, ndipo anatulukira ku Kafue Celtic. Enock Mwepu anachokera ku Chambishi, koma nayenso anadzera ku Kafue Celtic yomweyi asanapite ku Austria. Pa 12 March 2017, pomwe anyamata a Under-20 anamenya Senegal 2-0 pa Heroes ndi kutenga chikho cha Africa, chigoli choyamba chinali cha Daka, chachiwiri cha Edward Chilufya. Tsiku lija sitediyamu ya mipando 60,000 inadzaza. Ine ndinalipo, ndipo pobwerera usiku basi yonse inali kuimba kuyambira mu tauni mpaka kudutsa Shimabala. Mu 2021 Daka anagulidwa ndi Leicester City, Mwepu ndi Brighton. Mu October chaka chomwecho Daka anachinya zigoli zinai yekha ku Moscow, ndipo m'mawa mwake pa msika panalibe nkhani ina. Amai amene sadziwa ngakhale offside anali kuuza makasitomala kuti uja ni mwana wathu. Anthu otere simungawauze kuti sakonda bola. Pitani ku Kitwe tsiku limene Nkana ikumana ndi Power Dynamos mukaone ngati kuli malo oponda.

Chikondi chilipo. Chimene chavuta ndi thumba, ndipo amene amaika mitengo aoneka kuti sadziwa kuŵerenga thumba la munthu wamba.

Iwo akakhala pansi mu ofesi ku Lusaka, aona chabe nambala imene yalembedwa pa tiketi. Koma munthu wa ku Shikoswe kapena ku Zambia Compound salipira tiketi yokha. Kuchoka pano kufika ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 45. Mulipira basi mpaka mu tauni, mukatsika mukwera ina ya ku Great North Road ngati maseŵera ali pa Heroes, kapena ya ku Woodlands ngati ali kumeneko. Pobwerera chimodzimodzi, ndipo kukada kondakitala aonjeza mtengo chifukwa adziwa kuti mulibe kothaŵira. Chichokereni December 2021 pomwe boma linachotsa sabuside pa mafuta, ndi kuyamba kusintha mitengo mwezi ndi mwezi, ndalama ya basi inaleka kukhala chinthu chimene munthu angachidziŵiretu. Onjezani madzi akumwa ndi kena kake kodya. Ngati mwatenga mwana, zonsezi kaŵiri. Pofika pa geti, tiketi ija ndi kachigawo chabe ka ndalama imene yatuluka m'chitenje.

Ndipo pali mtengo wina umene wa mu ofesi sangauone konse, chifukwa iye Loŵeruka sagwira nchito ndipo malipiro ake abwera chimodzimodzi. Maseŵera ambiri ayamba 15 hours. Kwa inu Loŵeruka masana ndiyo nthawi ya ndalama, pomwe anthu agula ndiwo za wikendi, salaula ayenda, nkhuku ziyenda. Kuti mukaone bola ku Lusaka muyenera kuphimba thebulo cha m'ma 11, kapena kusiyira mwana amene adzakongoza theka la katundu kwa anzake. Tsikulo la chilimba lilibe kudikira. Wa kaloba naye samva kuti munapita ku bola. Ndiye munthu amene wataya malonda a tsiku lathunthu, walipira mabasi anai, mukamulandira pa geti ndi mtengo wokwera, ndani amene sakonda bola pamenepa?

Tiyeni tiike nambala yodziŵika. Mu January 2024, malipiro ochepetsetsa a munthu wogwira nchito ya m'nyumba anaikidwa pa K1,300 pa mwezi. Mukagawa ndi masiku 26 a nchito, ipezeka K50 pa tsiku. Ndiye kuti tiketi ya K50, imene bwana wina aiona ngati chenji ya pa toll gate, ndi thukuta la tsiku lonse la mai amene achapa ndi kukolopa m'nyumba ya bwana yemweyo. Chaka chomwecho cha 2024, chaka cha chilala, thumba la unga wa bulekifasi la 25 kg linadutsa K300, ndipo ambiri a ife tinabwerera ku pamela. Malaiti anali kupita pafupifupi tsiku lonse, a mabucha anataya nyama, a ma saluni ndi owotcherera zitsulo anakhala manja lende. Kodi pa nthawi imeneyo munamvapo wina wa za bola ataimirira n'kunena kuti anthu avutika, tiyeni tionenso za pa geti? Inu munatsitsa timilu, munachepetsa phindu kuti kasitomala asathaŵe. Bola inangopitiriza ngati ili m'dziko lina.

Za Chipolopolo ndiye zina. Maseŵera akulu akapita ku Levy Mwanawasa ku Ndola, monga aja a pa 17 June 2023 pomwe tinakwapula Ivory Coast 3-0 ndi kupeza malo ku AFCON, ndiye kuti kwa ife ndi ulendo wa makilomita oposa 350 kupita kokha. Sindidandaula kuti a ku Copperbelt aona timu yao, nawonso ndi eni ake, ndipo amadziŵa kudzaza sitediyamu. Ndingonena kuti kwa wogulitsa kapenta wa pa Kafue, timu ya dziko lake yasanduka chinthu choonera pa TV ya mu bala, ngati malaiti alipo.

Ena adzati, "Nanga ku England matiketi si odula maningi?" Ni zoona, ndi odula, ndipo akumeneko nawonso alira. Koma taonani zimene anachita. Pa 6 February 2016, eni ake a Liverpool atalengeza kuti matiketi ena afika £77, masapota zikwizikwi anaimirira pa mphindi ya 77 ya maseŵera ndi Sunderland n'kutuluka mu Anfield. Timu yao inali kutsogola 2-0, ndipo atatuluka maseŵera anatha 2-2. Pasanathe sabata eni timu anapepesa ndi kubweza mtengo. Chaka chomwecho makalabu a Premier League anagwirizana kuti sapota amene watsatira timu yake koyenda asalipire kuposa £30. Mu 2024 malipiro ochepetsetsa a munthu wamkulu kumeneko anali £11.44 pa ola, ndiye kuti tiketi ija ndi nchito ya maola osakwana atatu. Kwathu kuno tsiku lathunthu, kuti ukaone maseŵera amene alibe ngakhale chimbudzi chabwino. Ku Germany anasunga malo oimirira otchipa dala, ndipo ku Dortmund mbali imodzi yokha ya sitediyamu imalowa anthu pafupifupi 25,000 oimirira. Mu 2023 kalabu ya Fortuna Düsseldorf inayamba kuloŵetsa anthu mahala pa maseŵera ena, masiponsa n'kulipira. Azungu aja sachita izi chifukwa cha ubwino wa mtima. Anazindikira kuti a TV ndi a makampani agula phokoso la anthu, ndipo sitediyamu ya zii ilibe wogula.

Sindifuna kukunamizani kuti nkhaniyi ili ndi mbali imodzi. Kuyendetsa timu kufuna ndalama zambiri. Pali malipiro a osewera, basi yopita ku Solwezi kapena ku Kasama, malo ogona, achitetezo, kubwereka bwalo. Timu imene ilibe kampani yaikulu kumbuyo kwake imapuma movutika, ndipo tinaziona tokha pomwe Kafue Celtic inakwera mu Super League mu 2021 n'kutsikanso patangotha nyengo imodzi. Tamvapo kangati za osewera amene akhala miyezi osalandira? Anyamata aja ndi ana athu, ali ndi mabanja, ndipo sadya kuomba m'manja. Munthu akati tiketi iyenera kubweretsa ndalama, sananame.

Funso langa ndi lakuti, ibweretsa ndalama zambiri pa mtengo uti? Tiyerekeze chabe, izi ndi nambala zanga zophunzitsira. Timu yaika K50, mwalowa anthu 400. Yapeza K20,000. Sabata ina yaika K20, mwalowa anthu 1,500. Yapeza K30,000, ndipo pamwamba pake pali phokoso, pali ogula majezi, siponsa waona chikwangwani chake chili pakati pa anthu osati pakati pa mipando. Koma zingathekenso kuti mwatsitsa kufika K20 n'kulowa anthu 600 chabe. Apo mwapeza K12,000, mwaluza. Ndiye njira yodziŵira ndi iti? Ndi yomwe ija muchita inu: kuyesa, kuŵerenga, kusintha. Mai wa pa msika amadziŵa pamtima kuti pa K5 anagulitsa timilu tingati, pa K10 tingati. Nanga a Zambian Premier League, amene ayendetsa Super League, ndi a FAZ ku Football House, bwanji satiuza pakutha pa maseŵera aliwonse kuti analowa anthu angati ndipo pa geti panapezeka zingati? Ku maiko ena nambala ya anthu ailengeza pa chimkuzamau maseŵera ali mkati. Kuno munthu ungofunika kuyerekeza ndi maso.

Ndipo pali chifukwa china chimene nambalazo zifunikira poyera. Ndikuuzeni zimene ndinaona ndekha, sinditchula timu kapena bwalo. Tsiku lina ndinapita ku maseŵera a ligi ndi mng'ono wanga. Tili pa mzere, mnyamata wina wa pa geti anatikodola n'kunong'ona kuti, "Bosi, bweretsani hafu chabe, muloŵere uku." Tiketi osapereka. M'mphindi zochepa zimene ndinaima paja, anthu amene analoŵera kumbali anali ambiri kuposa amene anagula pa windo. Ine ndinagula tiketi yanga, osati chifukwa ndine woyera, koma ndinali ndi mwana ndipo sindinafune kuti aphunzire zimenezo kwa ine. Koma taonani phunziro lake. Anthu aja sanakane kulipira. Analipira, kungoti analipira mtengo umene anakwanitsa, ndipo ndalamayo inaloŵa m'thumba la munthu m'malo mwa thumba la timu. Mnyamata wa pa geti uja anaudziŵa mtengo weniweni wa msika kuposa komiti yonse. Mtengo ukakwera kupitirira mphamvu ya anthu, simuchotsa malonda, mungowasamutsira kuseri kwa mpanda. Pa maseŵera akulu ndi chimodzimodzi: matiketi atha msanga kogulitsira, koma tsiku la maseŵera muwapeza ali m'manja mwa anyamata pa msewu, pa mtengo woŵirikiza.

Manje tifike pamene nkhaniyi ikhudza boma, chifukwa ikhudza ndithu. Taŵerengani matimu a mu Super League. Green Buffaloes ndi ya asilikali a Zambia Army. Red Arrows ndi ya ZAF. Green Eagles ndi ya ZNS. Nkwazi ndi ya apolisi. ZESCO United dzina lake linena lokha, NAPSA Stars chimodzimodzi. Matimu awa sakhalira ndalama ya pa geti. Akhalira ndalama ya mabungwe a boma, ndipo ndalama ya mabungwe a boma ichokera kwa inu. Mukagula mayunitsi a malaiti, mukalipira VAT pa sopo ndi pa talk time, mwasonkhako kale. Sitediyamu ya Levy Mwanawasa imene inatsegulidwa mu 2012, ndi Heroes ya mu 2014, zinamangidwa ndi makampani a ku China, ndipo ndi chuma cha dziko, osati cha munthu. Heroes ija inamangidwa pa ngongole, ndipo ngongole za dziko lino tonse tidziŵa amene azisenza. Ndiye mai wa ku Soloboni walipira pomanga, walipira pa malipiro a osewera, kenako afika pa geti n'kuuzidwa kuti ndalama yake yachepa. Ili ngati munthu wosonkha ufa pa ukwati, tsiku la ukwati n'kumubweza pa chipata kuti alibe khadi.

Pafupi ndi Heroes pali manda a anthu 30 amene anafera m'nyanja ku Gabon mu April 1993, mwa iwo osewera 18. Amene analira maliro aja misewu yonse ya Lusaka sanali a VIP. Amene anavina usiku wonse pa 12 February 2012, Stoppila Sunzu atachinya penate yomaliza ku Libreville, sanali a VIP. Anali anthu a m'makomboni ndi a m'misika. Bola ya dziko lino mwini wake adziŵika.

Mukafunsa a boma adzakuyankhani kuti FIFA siilola boma kuloŵerera pa za bola. Ni zoona kuti lamulo limenelo lilipo, ndipo ine sindipempha nduna kuti isankhe kochi kapena kuuza FAZ woti aseŵere kutsogolo. Koma FIFA siinaletse Unduna wa Achinyamata, Maseŵera ndi Luso kutsitsa ndalama yobwerekera sitediyamu kwa timu imene yavomera kutsitsa tiketi ya anthu wamba. FIFA siinaletse mkulu wa asilikali kapena bodi ya ZESCO kunena kuti pa maseŵera a timu yathu ana a sukulu aloŵe ulere. Izi zili m'manja mwao lero lino. Akabisala kumbuyo kwa FIFA, dziŵani kuti angosoŵa chidwi. Ndipo kuti ndisakondere, ulesi umenewu sunayambe ndi boma lino. Maboma asinthana, mipando ili chikhalire yopanda anthu. Kungoti amene ali pa mpando lero ndiwo ayenera kuyankha lero.

Koma chonde musandimve molakwa, sindikuti mageti angotsegulidwa aliyense aloŵe mwa chipwirikiti. Akulu akumbuka za pa 2 June 2007 ku Konkola Stadium ku Chililabombwe, pomwe anthu 12 anafa popanikizana potuluka, titapambana Congo-Brazzaville 3-0. Tsiku la chimwemwe linasanduka maliro. Khamu la anthu lifuna dongosolo, ndipo tiketi ndiyo imathandiza kudziŵa kuti mkati muli angati. Ngakhale mwana woloŵa ulere apatsidwe kapepala kake, aŵerengedwe. Andale nawonso, a mbali zonse, alekeretu khalidwe logula matiketi mazanamazana n'kumagaŵira okhawo ovala chitenje cha chipani. Ndikunena izi ndili wa chipani ine mwini. Sapota apite ku bola ndi ndalama yake, pa mtengo umene akwanitsa, osati kudikira kuti bwana wina amukumbukire chaka cha masankho.

Ndivomerenso kuti mtengo si wokha umene wathamangitsa anthu. Pa K10 kapena botolo limodzi la chakumwa, mnyamata akhala mu bala n'kuona maseŵera atatu a ku England motsatizana. Ena aloŵerera m'mashopu a kubetcha ndi pa foni, moti bola kwa iwo yasanduka nambala chabe, sasamala amene aseŵera bola slip iloŵe. Mu 2020, nthawi ya korona, maseŵera anachitika popanda anthu, ndipo chizoloŵezi chopita ku bwalo chinaduka kwa ambiri. Mabwalo ena alibe mthunzi, zimbudzi zake mai sangaloŵemo, ndipo kutukwana kwa anthu oledzera kuchititsa kuti munthu asatenge banja lake. Zonsezi n'zoona. Koma inu mudziŵa kuti mnzanu akatsegula thebulo pafupi nanu ndi katundu wooneka bwino pa mtengo wotsika, simuyankha ndi kukweza mtengo wanu. Bola yathu ili pa mpikisano ndi TV ndi foni, koma ichita ngati ikali yokha m'tauni monga kale.

Chimene chindidetsa nkhaŵa kwambiri ndi ana. Atate anga anagwirako nchito ku fakitale ya nsalu isanatsekedwe, ndipo amasimba za masiku amene Kafue inali tauni ya mafakitale, Nitrogen Chemicals ili pa mphamvu, Nitrogen Stars ikuseŵera, anthu akuŵeruka n'kulunjika ku Khosa. Ine ndinayamba kupita ku bwalo nditakwera pa mapewa ao. Masiku ena analibe ndalama, tinali kudikira kunja mpaka geti itatsegulidwa chakumapeto, n'kuona mphindi khumi zomaliza. Mphindi khumi zija ndizo zinandipanga sapota mpaka lero. Mwana amene sanaloŵepo mu bwalo, amene sanamvepo nthaka ikunjenjemera chigoli chikaloŵa, akadzakula sadzagula tiketi pa mtengo uliwonse, ngakhale wa K5. Adzakhala wa Chelsea moyo wake wonse. Timu imene ibweza mwana pa geti lero chifukwa cha K20 ikudya mbeu.

Ndipo pali inu eni ake. Bwalo likadzaza, ndani apindula kunja kwa mpanda? Ndi mai wa vitumbuwa, wa chimanga chootcha, wa tute ndi nshaŵa, wa mafrizi, mnyamata wa michopo, wogulitsa mbendera ndi mavuvuzela, wa minibasi, wa buthu ya mobile money. Anthu 3,000 akasonkhana malo amodzi kwa maola atatu, umenewo ndi msika wathunthu. Anthu 200 ndi maliro a munthu wosadziŵika. Choncho ngakhale inu amene simusamala kuti wapambana ndani, mipando yopanda anthu ija ikudyerani ndalama. Mtengo wa tiketi ndi nkhani ya malonda anu.

N'chifukwa chake ndifuna tiyang'ane pafupi, pa Khosa pathu pano, pomwe munthu afika ndi miyendo osalipira basi. CDF inakwera kuchoka pa K1.6 million kufika pa K25.7 million mu 2022, ndipo mu 2025 inafika pa K36.1 million pa konsitichuwense iliyonse. Boma linyadira nambala zimenezi tsiku ndi tsiku pa wailesi. Chabwino, ndalamazo ndi zathu, tiyeni tizifunse. Ndidziŵa kuti pali madesiki, zipatala ndi madzi zimene zili patsogolo, ndipo sindingauze mai amene atunga madzi kutali kuti bwalo la bola liyambe. Koma tauni imene inatulutsa Daka iyenera kukhala ndi bwalo la mpanda wabwino, zimbudzi zogwira nchito, pokhala pa mthunzi, ndi malo oikika bwino a ogulitsa. Zimenezi zikakhalapo, maseŵera abwino abwera kuno m'malo moti ife tiziwalondola ku Lusaka, ndipo theka la mtengo uja ndinaŵerenga poyamba lichoka lokha.

Kwa a FAZ ndi a ligi, zopempha zanga si zapatali. Mbali imodzi ya bwalo ikhale ya mtengo wa munthu wamba, mtengo umene suposa phindu la maola ochepa pa thebulo, ndipo a VIP amene afuna mpando wofeŵa ndi poimika galimoto alipire zambiri, atinyamule. Ndi mmene muchitira inu pa salaula: kasitomala wa first grade alipira bwino m'maŵa pomwe belo latsegulidwa, kuti zotsala zipite pa mtengo wa aliyense. Mwana wa pulaimale amene wabwera ndi kholo aloŵe ulere. Tiketi igulidwe pa foni, pa buthu iliyonse ya pa msika, kuti ndalama isadzere m'manja ambiri. Maseŵera ena aikidwe pa Sondo masana pomwe misika yapepuka ndipo anthu atuluka m'matchalitchi. Ndipo ayese kwa nyengo imodzi yathunthu, osati sabata imodzi, n'kutiuza nambala zake poyera. Ngati ndalakwa masamu, ndidzabwera pompano kudzavomera.

Kwa inu a komiti za m'misika, muli ndi mphamvu imene simuigwiritsa nchito. Muyendetsa chilimba cha anthu makumi osasoŵa ngwee, mutolera za maliro tsiku limodzi. Gulu lotere likapita kwa akulu a timu n'kunena kuti tifuna matiketi 200 a maseŵera onse a pakhomo, tipatseni mtengo wa oda, ndipo mutipatse malo ogulitsira pa bwalo, palibe tcheyamani wanzeru amene angakubwezeni. Ndipo Ward Development Committee ya kwanu ikaitana msonkhano wa mapulojekiti a CDF, musasiyire anyamata okha. Tumani amai aŵiri kapena atatu a pa msika, akafunse za bwalo, ndipo aonetsetse kuti funso lao lalembedwa m'maminitsi.